Seva Imodzi, Alendi Makumi Atatu: Nanga Landilodi Akakweza Lendi?

Pa 22 Novembala 2023 kampani ya ku America yotchedwa Broadcom inamaliza kugula inzake, VMware, pamtengo wa madola pafupifupi 69 biliyoni tikawerengera ndi ngongole zomwe inasenzera limodzi. Nkhaniyi sinakambidwe m'minibasi kapena pa wailesi kuno kwathu, ndipo n'zosadabwitsa, pakuti masabata awiri m'mbuyomo Reserve Bank of Malawi inali itangogwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, moti maso a aliyense anali pa mtengo wa shuga, mafuta ndi feteleza. Koma pali kagulu kochepa ka anthu komwe nkhani ziwirizi zinafikira ngati nkhani imodzi. Awa ndi aja amagwira ntchito m'zipinda zozizira za m'mabanki, m'makampani a mafoni ndi a inshuwalansi, momwe maseva amalira usana ndi usiku. Pulogalamu yomwe makompyuta ambiri otere amaimapo inali itapeza mwini watsopano, mwiniyo anali atatsala pang'ono kusintha kalipiridwe, ndipo dola yolipirira inali itakwera mtengo usiku umodzi wokha. Zomwe zachitika kuchokera pamenepo, m'makhoti a ku New York mpaka ku London, zatsimikiza mfundo yomwe ndikufuna kuiikira kumbuyo pano. Kuyendetsa mapulogalamu a kampani pa maseva ogawidwa ndi nzeru ndithu, koma phindu lake lalikulu lili pa kutha kusamuka, ndipo kampani yomwe sinayesepo kusamuka inalipira mtengo wonse n'kungolandira theka la katunduyo.

Tiyambe taona kuti chinthucho n'chotani. Seva ndi kompyuta yamphamvu yomwe sikhala pa desiki ya munthu. Imakhala pa shelefu yachitsulo m'chipinda chokhoma, ntchito yake kutumikira makompyuta ena. Munthu akatapa ndalama pa ATM, kalaliki akalemba invoisi, kapena malipiro akamatuluka pakutha pa mwezi, kuwerengera kwenikweni kumachitikira kumeneko, m'mapulogalamu akuluakulu monga a SAP, Oracle ndi Microsoft Dynamics, kapena a m'mabanki monga T24 ya Temenos, Flexcube ya Oracle ndi Finacle ya Infosys. Nayonso IFMIS yatsopano ya boma la Malawi inamangidwa pa SAP. Kale pulogalamu iliyonse yotere inkapatsidwa seva yakeyake. Lero pa chitsulocho amayamba aikapo pulogalamu yopyapyala yotchedwa hypervisor, yomwe imagawa purosesa, memore ndi disiki za seva imodziyo n'kupanga makompyuta angapo ongoyerekeza. A IT amangoti ma VM. VM iliyonse imadziona ngati kompyuta yoima payokha, ili ndi Windows kapena Linux yake, osadziwa kuti ikukhala ndi anzake khumi kapena makumi atatu pansi pa denga limodzi. Amene anakhalapo pa mdadada wa nyumba za lendi ku Ndirande kapena ku Kawale akukadziwa kale kamangidwe kameneka: khomo n'lako, loko ndi wako, koma denga, mpopi ndi mita ya magetsi n'za onse, ndipo pamwamba pa zonse pali landilodi.

Nzeruyi si ya dzulo. Akatswiri a IBM ku Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts, anali akugawa kale makompyuta awo akuluakulu motere cha m'ma 1967 ndi CP-40 ndi CP-67, ndipo mu 1972 kampaniyo inatulutsa VM/370. Chovuta chinali chakuti mapurosesa otchipa a mtundu wa x86, aja a Intel ndi AMD omwe anadzadza m'maofesi m'zaka za m'ma 1990, sanapangidwe kuti azigawika chonchi. Gerald Popek ndi Robert Goldberg anali atalemba mu 1974 zomwe purosesa iyenera kukwaniritsa kuti igawike bwino, ndipo x86 inkalephera mayeso amenewo. Amene anapeza njira yozembera vutoli ndi Mendel Rosenblum, mphunzitsi wa pa Stanford University, pamodzi ndi Diane Greene ndi anzawo atatu, omwe anayambitsa VMware ku Palo Alto mu 1998 n'kutulutsa ESX ya maseva mu 2001. Intel mu 2005 ndi AMD mu 2006 anaika thandizo la kugawaku m'kati mwa purosesa momwemo, ndipo njira inatseguka kwa aliyense. Xen inali itabadwa kale pa University of Cambridge ku England mu 2003, KVM inalowa mu Linux mu 2007, Hyper-V ya Microsoft inabwera mu 2008. Msikawu unali ndi ogulitsa angapo kuyambira pachiyambi. Kuti ogula ambiri anakaunjikana pa benchi limodzi, chinali chosankha chawo.

Makampani anathamangira njirayi pa chifukwa chooneka ndi maso. Pamene lamulo linali lakuti pulogalamu imodzi seva imodzi, maseva ambiri ankangokhala akudya magetsi. Ziwerengero zomwe zinkatchulidwa kwambiri nthawi imeneyo zinali zakuti seva wamba imagwiritsa ntchito pakati pa 5 ndi 15 peresenti ya mphamvu zake. Zinali ngati kugula lole ya matani 30 kuti izinyamula thumba limodzi la chimanga tsiku ndi tsiku. Kuphatikiza maseva 40 kukhala anayi kumachepetsa magetsi, zoziziritsira, malo ndi mabatire a UPS, ndipo kumeneku si kupulumutsa kwamasewera m'dziko lomwe namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130 kwa chaka ndi miyezi, majenereta a dizilo n'kusanduka magetsi enieni a makampani. Koma chomwe chinasinthiratu zinthu ndi VMotion, yomwe VMware inatulutsa mu 2003. Popeza VM ndi mafayilo chabe, itha kunyamulidwa kuchoka pa seva iyi kupita pa inayo ikugwirabe ntchito, kalaliki ali pakati polemba lisiti osazindikira kanthu. Seva ikafuna kukonzedwa, alendi amasamutsidwira chipinda china masana dzuwa likuswa mtengo, osadikiranso Loweruka usiku. Seva ikafa mwadzidzidzi, ma VM ake amadzuka pa ina m'mphindi zochepa. Opanga mapulogalamu akuluakulu poyamba ankakayika, ena ankakana kuthandiza kasitomala yemwe vuto lake lachitikira pa VM, koma anagonja mmodzimmodzi. Ngakhale HANA ya SAP, database yomwe imasunga zonse m'memore ndipo sikonda kudyera mbale imodzi ndi wina, inaloledwa kugwira ntchito yeniyeni pa VMware mu 2014. Funso loti kaya zimathekadi linatha kalekale.

Koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyerere zoyamba zinapezeka m'malaisensi. Opanga mapulogalamu ankalipiritsa powerenga makina kapena mapurosesa. Makina atayamba kuchepa, iwo anasintha kawerengedwe. Microsoft inayamba kuwerenga ma core, timitima ting'onoting'ono ta m'kati mwa purosesa, pa SQL Server mu 2012 ndi pa Windows Server mu 2016. Oracle ndiye inapita patali. Malinga ndi chikalata chake chofotokoza za kagawidwe ka maseva, mpanda womwe VMware imaika pakati pa ma VM suwerengedwa ngati malire enieni, choncho kasitomala ayenera kulipira ma core onse a chitsulo chomwe database ikukhalapo, osati okhawo omwe VM yapatsidwa. Pofufuza makasitomala, Oracle yakhala ikuwonjezera kuti seva iliyonse yomwe VM ingathe kusamukirako iwerengedwenso. Tiike manambala kuti zimveke. Mtengo wolembedwa wa Oracle Database Enterprise Edition ndi madola 47,500 pa laisensi, ndipo pa mapurosesa a Intel ndi AMD ma core awiri amawerengedwa laisensi imodzi. Database yofuna ma core 8 ndiye kuti ndi malaisensi 4, madola 190,000. Tsopano VM yomweyo ikhale m'gulu la maseva anayi, iliyonse ya ma core 64. Ma core akwana 256, malaisensi 128, madola opitirira 6 miliyoni, tisanaikepo 22 peresenti ya chithandizo cha pachaka. Database ndi yomweyo, ntchito ndi yomweyo. Chomwe chaikidwa mtengo ndi ufulu wosamuka uja.

Mu 2015 kampani ya Mars, ija ya chokoleti, inakasuma Oracle kukhoti ku San Francisco itatopa ndi kufunsidwa za maseva a VMware omwe sankayendetsa n'komwe pulogalamu ya Oracle. Mlanduwo unathera kunja kwa khoti, motero palibe woweruza ananenapo mbali yolondola. Choseketsa n'chakuti chikalata cha Oracle chija chimadzinenera chokha kuti n'chongophunzitsa, si mbali ya mgwirizano uliwonse, komabe makampani ambiri amachiopa ngati lamulo, pakuti kukangana ndi mwini database yomwe muli maakaunti anu onse kumafuna mtima wa mkango ndi maloya odula. Ochenjera anangoimangira database ya Oracle khola lakelake, maseva awiri kapena atatu osalumikizana ndi ena onse, kuvomera kutaya mbali ya ufulu kuti bilu isakule.

Kwa zaka pafupifupi makumi awiri landilodi weniweniyo, VMware, sanavute kwambiri. Inagulidwa ndi EMC mu 2004 pa madola opitirira 600 miliyoni, EMC inagulidwa ndi Dell mu 2016, VMware inaimanso payokha mu 2021, ndipo makasitomala sanamve kusiyana kwenikweni. Unkagula laisensi yamuyaya kamodzi, n'kumalipira chithandizo chaka ndi chaka ngati ukuchifuna. Broadcom, motsogozedwa ndi Hock Tan, inabwera ndi kaganizidwe kena. Mu Disembala 2023, mwezi usanathe chigulireni, inalengeza kuti malaisensi amuyaya sagulitsidwanso ndipo chithandizo chake sichiwonjezeredwanso. Aliyense alowe m'ndondomeko yolipira pachaka. Mapulogalamu ambirimbiri omwe munthu ankasankha limodzilimodzi anamangidwa m'mitolo yochepa, waukulu wake VMware Cloud Foundation, ndipo kuwerenga kunachoka pa purosesa kupita pa core, purosesa iliyonse kuwerengedwa ma core osachepera 16 ngakhale ikhale ndi 8. Mu Febuluwale 2024 ESXi yaulere, hypervisor ya VMware yomwe ophunzira ndi makampani ang'onoang'ono ankayambirapo, inachotsedwa, ngakhale inabwereranso mu 2025. Makampani ambiri omwe ankagulitsa VMware m'mayiko osiyanasiyana anauzidwa kuti mgwirizano wawo watha, obwerera akhala oitanidwa okha.

Omwe analira mokweza sanali ang'onoang'ono. AT&T, imodzi mwa makampani akuluakulu a mafoni ku America, inakasuma ku New York mu Ogasiti 2024, ndipo m'zikalata za mlanduwo munatuluka dandaulo lakuti mtengo womwe inapatsidwa unali wokwera ndi 1,050 peresenti. Anamvana kunja kwa khoti kumapeto kwa chaka chomwecho. Mu 2025 Tesco, mwini masitolo akuluakulu a zakudya ku Britain, inasumanso pofuna mapaundi osachepera 100 miliyoni, ikunena kuti inagula malaisensi amuyaya ndi lonjezo la chithandizo, ndipo makina olipirira m'masitolo ake amadalira pulogalamuyo. CISPE, bungwe la makampani a cloud a ku Ulaya, linafika mpaka ku khoti la European Union kukatsutsa chilolezo chomwe chinaperekedwa kuti kugulako kuchitike. Broadcom ili ndi yankho lake, ndipo si lopusa. Imati inadula pakati mtengo wolembedwa wa VMware Cloud Foundation, kuti kulipira pachaka ndi momwe opanga mapulogalamu ambiri akuchitira masiku ano, ndiponso kuti mumtolomo muli zambiri. Kwa kampani yomwe inkagwiritsa kale ntchito zonsezo, mwina mtengo unatsikadi. Koma amene ankangofuna hypervisor ndi VMotion basi anapezeka akugulitsidwa ng'ombe yonse pomwe anabwerera kilogalamu imodzi ya nyama.

Sindikuona phindu lotaya nthawi kuidzudzula Broadcom. Inatulutsa mabiliyoni ambiri, ndipo inawerengera bwino lomwe kuti makasitomala ake akuluakulu sangachoke msanga. Funso lothandiza n'lakuti, popeza VM ndi mafayilo chabe ndipo ma hypervisor ena akhalapo kuyambira 2003, n'chiyani chinamanga AT&T ndi Tesco miyendo? Ndi zing'onozing'ono zomwe m'kampani iliyonse yotere zinaunjikana kwa zaka khumi ndi zisanu popanda wozilemba pena pake. Pulogalamu ya bakapu inagulidwa yodziwa kulankhula ndi VMware yokha. Madisiki anaphatikizidwa kudzera mu vSAN, netiweki ndi zotchinga zake kudzera mu NSX, zonse za mwini mmodzi. Timapulogalamu tomwe a IT analemba kuti tiziyendetsa ntchito za usiku timatchula vCenter ya VMware mzere uliwonse. Ogwira ntchito anatumizidwa kukaphunzira ndi kukalemba mayeso a VMware, ndipo satifiketi yomweyo ndiyo inkawapezetsa ntchito kwina. Palibe n'chimodzi chomwe mwa izi chinali cholakwika patsiku lomwe chinasankhidwa. Koma zonse pamodzi zinachititsa kuti ma VM azisamuka mosavuta kuchoka chipinda ichi kupita icho mu mdadada womwewo, osatha kutuluka pageti.

Kwa ife kuno, kusiyana kwa laisensi yamuyaya ndi ya pachaka n'kwakukulu kuposa momwe a ku London angaganizire. Laisensi yamuyaya ili ngati njinga yogula: ndalama zikavuta chaka chino sukonzetsa, koma umakwerabe. Ya pachaka ili ndi tsiku lothera, ndipo imafuna madola. Amene anayesapo kutumiza ndalama kunja m'zaka zino akudziwa kuti kukhala ndi makwacha mu akaunti ndi kupatsidwa madola kubanki n'zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pamzere wa forex laisensi ya pulogalamu imapikisana ndi mafuta, feteleza ndi mankhwala. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, mwezi womwewo Broadcom inalengeza zogula VMware, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Bajeti ya IT yolembedwa m'makwacha mu Januwale inali itasanduka pepala wamba pofika Disembala. Ndiye taonani zomwe mabuku a VMware enieniwo amanena za laisensi yotha: ma VM omwe akuyaka amapitiriza kugwira ntchito, koma VM ikazima siyakanso mpaka laisensi ina italowetsedwa. Ku Frankfurt, komwe seva itha kukhala zaka osazimapo, chiganizo chimenechi munthu amangochidumpha. Kuno, komwe jenereta itha kukana kulira pamene mabatire a UPS akutha, bodi ya kampani iyenera kuchiwerenga kawiri.

Wina anena kuti ngati zili choncho tibwerere ku chitsulo, pulogalamu iliyonse seva yake, tisiyane ndi landilodi. Ndipo ali ndi umboni woposa wa mitengo. Kuunjika alendi ambiri pansi pa denga limodzi kumatanthauza kuti moto umodzi umatentha onse. Mu Febuluwale 2023 chiwembu chotchedwa ESXiArgs chinakhoma mafayilo pa maseva a ESXi opitirira 3,800 padziko lonse, ambiri mwa iwo ku France, achiwembuwo n'kumafuna dipo. Mu Seputembala chaka chomwecho gulu la ALPHV linadzitama kuti lakhoma ma hypervisor opitirira 100 a MGM Resorts, ya ku Las Vegas, ndipo kampaniyo inati chisokonezocho chinaidyera madola pafupifupi 100 miliyoni. Mbava zinazindikira kuti palibe chifukwa chothyola zitseko makumi atatu pomwe kiyi wa landilodi amatsegula zonse. Izi n'zoona, komabe sizifika komwe wotsutsayo akufuna. Bowo lomwe akatswiri a boma la France analoza kuti ESXiArgs inalowera linali litatsekedwa kale ndi VMware mu Febuluwale 2021. Ogwidwawo ndi omwe anakhala zaka ziwiri osaika chigamba, khomo loyendetsera seva lili pululu pa intaneti. Kampani yolephera kusamala maseva anayi sidzasamala bwino 40. Ndipo tsiku la tsoka, VM yomwe bakapu yake inasungidwa kwina, kosalumikizidwa, imadzuka pa chitsulo chilichonse chomwe chapezeka, pomwe seva yoima payokha imadikira kuti inzake yofanana nayo ibwere pa ndege kapena kudzera ku Beira, idutsenso kaye m'manja mwa a kasitomu.

Wina anenanso kuti zonsezi n'zachikale, tingosamukira ku cloud. Apa pali kusamvetsa pang'ono. Cloud ndi ma VM omwewo, kungoti mdadada ndi wa wina ndipo uli kutali. Amazon inayamba EC2 mu 2006 pa Xen n'kuyamba kusamukira ku Nitro, yomangidwa pa KVM, mu 2017, pomwe Azure ya Microsoft imaima pa mbadwa ya Hyper-V. Pali ntchito zomwe cloud imachita bwino kwambiri, ndipo malo ake asendera pafupi: Microsoft inatsegula ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Koma lendi yake ndi ya mwezi ndi mwezi, ya ndalama zakunja, ndipo pakati pa Blantyre ndi seva yanu pali chingwe. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zitaduka, intaneti inafooka kwa masiku ku Tanzania, ku Mozambique ndi kuno ku Malawi. Komanso kuseri kwa dzina lokongolalo kuli chitsulo chomwe chimapsa: pa 10 Malichi 2021 moto unanyeketsa nyumba ya maseva ya OVHcloud ku Strasbourg, ndipo makasitomala omwe ankaganiza kuti bakapu imadzichitikira yokha anataya deta yawo. Tikanena za kutuluka, makampani a cloud akhala akulipiritsa deta yotuluka pomwe yolowa ndi yaulere, kamangidwe ka mono wa nsomba. Anayamba kuchotsera ndalamayi makasitomala ochoka mu 2024, lamulo la Data Act la European Union litawapanikiza. Wopita ku cloud wangosintha landilodi, ndipo funso loti adzachoka bwanji amapita nalo.

Chotsutsa champhamvu kwambiri ndi chachitatu, ndipo chimachokera kwa a IT eniakewo: kusamuka n'kodula, n'koopsa, ndipo njira zinazo sizifika pa VMware. Zambiri mwa izi ndikuzivomereza. vSphere ya VMware ndi pulogalamu yokhwima, yopukutidwa zaka zoposa makumi awiri. Kusamutsa ma VM mazanamazana kumatenga miyezi, kwa makampani akuluakulu zaka, ndipo nthawi yonseyo mumalipira mbali ziwiri. Opanga mapulogalamu nawo ali ndi mindandanda yawo. SAP imatchula ma hypervisor omwe HANA ingayenderepo ndi malire a kukula kwa VM, ndipo mukaiyendetsa pa china chosatchulidwa, tsiku la vuto mudzauzidwa kuti zanu zimenezo. Banki singaike akaunti za anthu pa chinthu chomwe wopanga pulogalamu yake sanachivomereze, ndipo oyendera mabuku sangailole. Koma kunena kuti enawo ndi zidole za ana n'kusadziwa. KVM ikunyamula mbali yaikulu ya cloud ya Amazon ndi ya Google. Red Hat ndi SUSE amagulitsa chithandizo chake, Nutanix inamangapo AHV yake, Proxmox ya ku Vienna yakhalapo kuyambira 2008, ndipo Hyper-V imabwera m'kati mwa Windows Server yomwe makampani ambiri analipira kale. Zida zosinthira mafayilo a VM kuchoka ku VMDK kupita ku qcow2 kapena VHDX zilipo, zina zaulere.

Sindikunena kuti kampani inyamule mudzi wonse usiku umodzi. Ndikunena kuti pakhale khomo lachiwiri, ndipo likhale loti linatsegulidwapo. M'kampani iliyonse muli ma VM ambiri omwe si mtima wa bizinesi: oyeserera, osungira mafayilo, a webusaiti, a maphunziro. Amenewa atha kukhala pa hypervisor yachiwiri lero lomwe, pa maseva awiri kapena atatu, ndipo a IT adzaidziwa poigwira ndi manja, osati poiwerenga m'buku. Bakapu igulidwe yotha kudzutsa VM pa hypervisor ina, ndipo kamodzi kapena kawiri pachaka wina atenge database ya malipiro, aidzutse mbali inayo, alembe maola omwe zatenga ndi zomwe zakanika. Zimenezi zili ndi mtengo wake: maluso awiri m'malo mwa limodzi, zida zina zowirikiza, Loweruka lina logwira ntchito. Koma mtengowo umadziwikiratu, ndipo mbali yake yaikulu imalipiridwa m'makwacha, m'malipiro ndi maphunziro a achinyamata omwe amatuluka ku MUBAS, MUST ndi Mzuzu University chaka ndi chaka, pomwe mtengo wa kusowa kolowera amalemba ndi wogulitsa. Ngakhale kampaniyo isadzachoke n'komwe, wogulitsa amalankhula mosiyana ndi kasitomala yemwe gawo limodzi mwa magawo atatu a ma VM ake lili kale kwina. Mumsika wa Limbe aliyense amadziwa kuti mtengo umayamba kutsika wogula akayamba kutembenuka.

Chomwe chimavuta n'chakuti chosankha chimenechi sichifika patebulo la omwe amasainira ndalama. Bodi ndi a zachuma amakambirana miyezi yathunthu za SAP kapena T24, chifukwa n'zomwe zimaoneka pa sikirini, koma hypervisor imalowa mumgwirizano ngati mzere umodzi pakati pa zingwe ndi mashelefu. Kagulidwe ka ma tender nako kamakonda mtengo wotsika wa tsiku logula, pomwe ndalama zenizeni zili m'chaka chachitatu ndi chachisanu. Mafunso ake safuna digiri ya kompyuta. Laisensi ikatha madola asanapezeke, n'chiyani chimazima? Mtengo wa chaka chachinayi walembedwa, kapena udzanenedwa nthawi yomweyo? Kampani yogulitsayo ikagulidwa ndi ina, malonjezo ake amapita kuti? Database yathu ikuwerengedwa ma core angati, a VM yokha kapena a chipinda chonse? Mkulu wa IT yemwe sangayankhe funso lomalizali mwachangu ali ndi ngongole yomwe sanaione, ndipo amene adzamutumizire kalata yofufuza malaisensi akudziwa kale kukula kwake.

Nthawi yofunsa mafunsowa ndi inoyi, chifukwa masiku angapo akumana pamodzi. Chithandizo wamba cha vSphere 7 chinatha mu Okutobala 2025. SAP inaika 2027 kukhala chaka chomaliza cha chithandizo wamba cha ECC, pulogalamu yake yakale, ndi mwayi wowonjezera mpaka 2030 kwa ofuna kulipira zambiri. Yolowa m'malo mwake, S/4HANA, imayenda pa HANA yokha, ndipo HANA imafuna maseva a memore yochuluka omwe makampani ambiri alibe. Ndiye kuti makampani ambiri, kuyambira ku Germany komwe SAP inabadwira mpaka ku Johannesburg, Lusaka ndi Blantyre, akusainira zitsulo zatsopano, hypervisor ndi malaisensi zomwe adzakhala nazo mpaka m'zaka za m'ma 2030. Ndipo aja anasaina mothamanga migwirizano ya zaka zitatu ndi Broadcom mu 2024, poganiza kuti agula nthawi yoti aganizire, migwirizanoyo ikutha mu 2027 momwemo.